A Chimfine pa Msika wa Mayani

Lonjezolo Dominiko analipereka tsiku la chinkhoswe cha mlongo wake Anastazia, dziko litangolandira kumene ufulu, iye ali mnyamata woti ndevu zinali zisanagwirizane pachibwano. Unkhoswewo sunali wake. Unali wa amalume awo, koma amalumewo anapita ku Joni n'kutchona, ndiye akuluakulu atayang'ana uku ndi uku anapeza kuti mwamuna wotsala pa mbumba yonseyo ndi yemweyu wa mabukuyu. Anamubwerekera jekete kwa akatekisiti a ku Kasina, lofika m'mawondo, n'kumupatsa nkhuku yathadzi kuti asinthane ndi tambala wa kuchimuna. Kuchimunako kunaima a Petulo, mkulu wake wa mkwati Rafaelo, bambo wa thupi lake, wa mawu ogwedeza nkhokwe.

Anthu atayamba kubalalika, Anastazia anamukokera mchimwene wakeyo kuseri kwa khola.

"Mwamva zimene anena akuluakulu? Akuti inu ndinu pakamwa panga. Nanga pakamwapo pakapita kwa azungu, ine ndizilankhulira pati?"

"Ndikupita kusukulu, iwe, sindikupita kumanda," anatero Dominiko akupinda manja a jekete lija. "Chikadzagwa chinthu m'banja mwakomu, chachikulu kapena chaching'ono, ndidzanyamula nkhuku ndekha kukakhala pa mphasa ya a Petulo. Ngakhale ndikhale kutsidya kwa nyanja ndidzabwera. Ndalumbira, pali Amayi Maria."

"Musalumbire. Mudzangobwera basi."

Dominiko anapita kukakhala zaka zitatu. Zaka zitatuzo zinabereka ana ndi adzukulu mpaka zinakwana makumi awiri.

Ku Mangalande ankaphunzitsa Chilatini ana a azungu amene sankachifuna, m'tauni ya utsi ndi mvula yosadziwa nyengo. Ankachita lendi kachipinda kwa mayi wina wamasiye, wa amphaka ambiri ndi mawu ochepa. Lamulungu lililonse akatha kudya, mayiyo ankagogoda chitseko chake ndi supuni, kutanthauza kuti nthawi yakwana. Awiriwo ankakhala patsogolo pa bokosi la kanema, amphaka ali pamiyendo, kuonera wapolisi wina wofufuza milandu ya kupha.

Wapolisiyo sanali munthu wochititsa kaso. Anali mdala wowonda, wa khosi ngati la kakowa, wosavala yunifolomu, wosanyamula mfuti, wodwala chimfine chaka chonse. Ankalowa m'nyumba za anthu olemera akuyetsemula, n'kupempha madzi otentha a mandimu, n'kukhala pa mpando umene sanapatsidwe. Kenako ankafunsa. Ankafunsa wantchito, ankafunsa dona, ankafunsa ngakhale bwana mwini nyumba, ndi mawu amodzimodzi. Pomaliza ankawasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi n'kutchula dzina la wakuphayo pamaso pake.

Dominiko anali atawerenga anzeru akale, Agiriki ndi Aroma omwe, ndipo pagulu la aphunzitsi anzake ankanena kuti kanema wotereyu ndi phala la anthu opanda mano. Koma Lamulungu sankaphonya. Chimene chinkamukoka sanachiulule kwa munthu. M'dziko la m'bokosilo munthu sankangosowa. Akafa ankapezeka, akapezeka wina ankabwera kudzafunsa, ndipo wofunsidwayo, kaya wolemera chotani, ankayankha. Ola likamatha zonse zinali poyera, mayi wamasiye uja n'kudzuka kukateleka ketulo.

Za Rafaelo anazimva kwa wansembe wina wachizungu amene anabwera kutchuthi kuchokera ku Dedza. Ngakhale anali pakati pa Mangalande, wansembeyo anayamba wayang'ana kukhomo asananene. Alamu anu, aphunzitsi aja, anatengedwa. Galimoto inabwera pasukulu masana, ana akuona. Kumene ali sikukudziwika.

Dominiko anati adikire kaye zinthu zizizire. Aliyense ankadziwa kuti wochokera kunja amatha kulandiridwa pa bwalo la ndege ndi anthu ena osati abale ake. Zinthu sizinazizire. Chimene chinazizira ndi mafupa ake. Mayi ake anamwalira iye ali komweko. Sukulu ija itasiya kuphunzitsa Chilatini anapeza kuti alibenso chonamizira, ndipo anakwera ndege ndi sutikesi ya mabuku, theka lake n'kutsala m'manja mwa anyamata a pa bwalo la ndege amene ankaweruza buku poona chikuto.

Anafika mu Juni, mphepo ya ku Dedza ikuluma makutu monga kale. Ndi mphepo yokhayo imene inamudikira. Phiri limene ankatolako masuku ali mwana linali litametedwa mpala. Mapichesi a kuseri kwa mishoni anali atakalamba, nthambi zili ndere zokhazokha. Belu la tchalitchi linkalira chimodzimodzi, koma linkaitana anthu ena. Anthu a kwawo, amene iye ankawakumbukira akukangana za mbuzi mokuwa mpaka tsidya lina kumva, tsopano ankapatsana moni wautali wopanda kanthu m'kati. Ukafunsa za mvula, ankayankha kuti akuluakulu ndiwo akudziwa. Anapempha ntchito yophunzitsa pa sekondale ina ya m'boma lomwelo, anamuuza kuti adikire.

Anastazia anamulandira ndi misozi yochepa ndi madzi osamba otentha. Ankaoneka wokalamba kuposa mchimwene wakeyo. Mwana wake woyamba, Monika, anali kutauni ku sukulu ya unamwino, enawo anali atapita kumabanja, ndipo m'nyumba munatsala iye ndi njinga ya Rafaelo, yopachika ku mtanda wa denga, matayala atauma gwa. Loweruka lililonse ankaipukuta.

Anamusiya mlendoyo apume masiku angapo. Kenako tsiku lina masana, akusankha nyemba pa lichero, analankhula osadzutsa mutu.

"Achimwene, uthenga sunapite."

"Uthenga wanji?"

"Wa kwa eni ake a munthu."

Dominiko anali ataiwala zambiri, koma izi anazikumbukira. Mkamwini ndi munthu wobwereka. Akadwala pamudzi pa mkazi wake, nkhoswe ya kuchikazi imanyamula nkhuku kukauza kwawo, ndipo akasowa n'chimodzimodzi. Eni akewo ndiwo amayankha: dikirani, munthu wathu ali moyo, kapena, tiyeni timete, mkaziyu timusudzule. Popanda mawu amenewo palibe chimene chimayenda. Ndipo chitengedwere Rafaelo panalibe ananyamula nkhukuyo, chifukwa kuinyamula kunali kutchula dzina la munthu wotengedwa anthu akumva.

"Ine sindine mkazi wa munthu, sindine namfedwa," anapitiriza Anastazia. "Ukafika Novembala anzanga amapereka maina a akufa awo kuti atchulidwe pa Misa. Ine ndimafika pakhomo pa abambo mfumu n'kubwerera. Ndikawatchula kwa akufa ali moyo, ndiye kuti ndawapha ndine. Ndikawasiya atafa, ndiye kuti akuzunzika ku puligatoliyo popanda wowapempherera. Sindikuti mundibwezere mwamuna, achimwene. Ndikufuna a Petulo andiyankhe kudzera mwa nkhoswe yanga."

"A Petulo akadali moyo?"

"Ali moyo kuposa tonsefe. Ndi apampando a chipani dera lonse la ku Mayani."

Dominiko anatola kamwala m'nyembamo n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Ndipita," anatero. "Koma ndiyambe ndamvetsa nkhani yonse. Wofufuza wanzeru safunsa funso asanadziwe yankho lake."

"Wofufuzayo ndiye ndani?"

Dominiko anataya kamwala kaja.

Ku Mayani anayamba kupitako masiku a msika, pa njinga yobwereka kwa akatekisiti, ati kukaona mmene zinthu zilili. Ankakhala m'tiyirumu ya mayi Jesinta, moyang'anana ndi ogulitsa kachewere ndi kabichi, kumwa tiyi wa shuga wambiri n'kumaipidwa ndi chilichonse. Tsiku lina Kizito, wokhoma zidebe wa pakhonde pomwepo, analowa akupukuta manja pa ovolosi.

"Akulu, ndimve kwa inu. Akuti azungu sacheza pabwalo. Nanga madzulo amatani, amangoyang'anana?"

"Amayang'ana bokosi."

"Bokosi lake lanji, la maliro?"

"Pafupifupi. Sabata iliyonse mumafa munthu mmodzi."

Nthawi imeneyo kanema wa m'nyumba m'dziko muno kunalibe. Anthu ankadziwa wa pa chinsalu, wobwera pa galimoto kudzaonetsa za feteleza ndi za zimbudzi zamakono. Ndiye Dominiko anafotokoza za bokosilo, ndipo pofotokozapo anangopezeka kuti waimirira, watulutsa kampango, akuyetsemula. Anawayalira nkhani ya dokotala wina amene anapezeka atafa m'chipinda chokhoma, kiyi ali m'kati. Anachita mawu a dona, mawu a wantchito wa m'dimba, mawu a mdala wofufuzayo. Tiyi anazizira m'makapu. Atatchula wakuphayo, mayi Jesinta anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Ndimaona ine, mkazi uja amalira kwambiri." Dzina lachizungu la wapolisiyo linawakanika lilime, ndipo Kizito anamutcha a Chimfine. Linakhala lomwelo.

Pofika msika wachitatu mabenchi sankakwana. Ogulitsa nyemba ankasiyira anzawo malonda, amayi ankaima pazenera ana ali kumbuyo, mayi Jesinta anakabwereka makapu kwa oyandikana nawo. Dominiko anaphunzira kuima pakati pa nkhani n'kuwafunsa kuti wapha ndani. Apo ndiye pankabuka phokoso. Wina ankati ndi mwana wopeza, wina ankati ndi m'busa, wina ankalumbira pali malemu mayi ake kuti ndi woyendetsa galimoto, n'kumalozana zala, n'kumatchulana zitsiru. Kwa nthawi yoyamba chibwerere, Dominiko anamva anthu a kwawo akukangana mokuwa. Anthuwo ankatha kuimba mlandu aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, popeza onsewo anali azungu a m'bokosi.

"Koma akulu," anatero Kizito tsiku lina, "a Chimfinewa ali ndi ndani kumtunda?"

"Alibe aliyense."

"Ndiye amafunsa bwana wamkulu kuti munali kuti, n'kupita kukagona kunyumba kwawo?"

"Amakagona."

"M'mawa n'kudzuka ali pomwepo?"

"Ali pomwepo."

"Ayi, bodza lili apa. Zina zonsezo tavomera, koma apa ndiye mwathira mchere wambiri."

Anthu anaseka, koma kusekako kunaduka pakati ngati ulusi wowola, aliyense atazindikira chimene akuseka. Ndipo pakhomo panali pataima munthu. Onse anadzuka. Anali a Petulo, tsitsi litayera koma thupi lili lomwe lija, baji ili pa jekete.

"Ankhoswe anzanga!" anafuula, manja atatambasula. "Mwabwera liti osandiuza? Ndingomva kwa ana kuti ku msika kwabwera mzungu wakuda wodwala chimfine! Khalani, khalani nonse. Amayi, tiyi. Nkhaniyo yafika pati?"

Kuyambira tsikulo a Petulo sanaphonyeko msika. Ankakhala kutsogolo, chipewa chili pa bondo, ndipo panalibe womvetsera wabwino ngati iwo. Ankaseka pamalo poyenera kuseka, ankagwira pakamwa mtembo ukapezeka, ankakumbukira timawu timene ena onse aiwala. Wakupha ankamutchula nkhani isanafike n'pakati pomwe, ndipo kawirikawiri ankalondola. "Ine anthu ndimawadziwa," ankatero. Mpaka anagula kampango koyera n'kumayetsemula dala pa misonkhano, anthu n'kumaseka mwaulemu. Dominiko anadzipeza akukonza nkhani zake usiku ndi usana poganizira nkhope ya a Petulo. Mphunzitsi amene wakhala zaka makumi awiri akulankhula kwa ana oyasamula sakana womvetsera wotero.

Masiku osakhala a msika ankafufuza. Anapita kusukulu kumene Rafaelo ankaphunzitsa, ahedi n'kumuuza kuti iwo anabwera pambuyo pake. Anafunsa amayi pachitsime za galimoto ija. Wina anati inali yoyera, wina anati yobiriwira, wachitatu anati chaka chimenecho msewu unali woduka, galimoto sikanafika. Akatekisiti, amene ankamva kunong'ona kwa ana kumbuyo kwa tchalitchi, anagontha mwadzidzidzi. Dominiko sanagwe mphwayi. Anapeza anthu atatu owakayikira: mphunzitsi amene analowa m'malo mwa Rafaelo, wagolosale wina amene anakanganapo naye, ndi mkulu wa kudambwe amene ankadana naye chifukwa cholondola anyamata othawa sukulu. Ankawatembenuza m'mutu mwake poyenda, kuwaika apa, kuwachotsa apo. Ndipo, Mulungu amukhululukire, zinkamukoma.

Msika wina wa mu Ogasiti anayamba nkhani ya mwini fakitale ya nsapato amene anapezeka atafa pansi pa masitepe tsiku la ukwati wa mwana wake. A Chimfine anali atasonkhanitsa kale onse m'chipinda, namfedwa, wophika, mkamwini watsopanoyo ndi mkulu wake wa malemuyo, pamene kunja kunamveka kulengeza kuti msika utsekedwe, aliyense apite ku msonkhano wa chipani. A Petulo anadzuka akudandaula ngati mwana wolandidwa chimanga chowotcha.

"Musauze munthu ine kulibe, ankhoswe. Mwamva? Ameneyu ndikufuna ndimumve ndekha."

Anthu akutuluka, Kizito anamugwira Dominiko pa mkono n'kutsitsa mawu.

"Akulu, za pachitsime zija zamveka mpaka kuno. A Chimfine asiyeni m'bokosi mwawo. Kuno kumazizira, angatifere."

M'mawa mwake Dominiko anatsikira kudimba kumene Anastazia ankathirira kachewere. Anakhala pa mzere n'kuyamba kumuyalira anthu atatu aja, mmodzimmodzi, zifukwa zake ndi mipata yake, monga ankachitira mdala wa m'bokosi. Anastazia anapitiriza kutunga ndi kuthira mpaka iye anamaliza. Kenako anaika kheni pansi.

"Mwatha?"

"Ndatsala pang'ono. Ndikadziwa amene anali pafupi ndi ofesi ya ahedi tsiku lija..."

"Tinali atatu, achimwene, m'dimba la kwawo ku Mayani. Abambo a Monika, akulu awo, ndi ine nditabweretsa thobwa. Inali nthawi yosonkha mazira a mphatso za akuluakulu. Abambo a Monika anaseka n'kunena kuti nkhuku za kuno nazonso zagula khadi, zikuikira chipani osati ana. Basi, mawu ake ndi omwewo. A Petulo sanaseke. Sabata isanathe galimoto inabwera, ndipo powakweza mmodzi wa anthuwo anawafunsa kuti, aphunzitsi, nkhuku zija zili bwanji? Ana a sukulu anamva."



"Ndiye ukudziwa," anatero Dominiko.

"Ndani sakudziwa? Mayi Jesinta akudziwa, Kizito wanuyo akudziwa, abambo mfumu akudziwa. Inu mukuvutitsa amayi a eni ake ndi mtundu wa galimoto ngati mukufuna kuigula."

"Bwanji sunandiuze tsiku loyamba?"

"Munandifunsa? Mwafunsa dziko lonse kupatula ine." Anatola kheni lija. "Kuno chobisika kulibe. Chosowa ndi munthu woti akakhale pa mphasa n'kunena. Sindikuti mukawaimbe mlandu. Mukangoti munthu wanu wasowa m'manja mwathu, tiuzeni chochita. Akati ali moyo, ndidikira. Akati timete, ndimeta. Iwowo ndi amene angadziwe, amalowa maofesi onse."

Nkhukuyo anaigwira yekha Anastazia, yathadzi yakuda imene inali itangosiya anapiye. Anaimanga miyendo ndi luzi n'kuiika m'dengu pa kaliyala ya njinga. Loweruka m'mawa anamusitira mchimwene wake malaya, n'kumuperekeza mpaka pa msewu.

Njira ya ku Mayani Dominiko anaiyenda akuloweza mawu. Ankhoswe, munthu wanu amene munatibwereka uja wasowa m'manja mwathu, tabwera kudzanena ndi kudzamva mawu anu. Anali mawu ochepa, mwana wa Sitandade 2 akanawatha. Anawanena pokwera chitunda, anawanena potsika, anawayesa ngakhale m'Chilatini kuti aone ngati akulemera mofanana. Nkhuku inkangoti kwee njinga ikagunda mwala.

Nyumba ya a Petulo inali ya malata, mbendera ili pa mtengo pabwalo. Pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, akusewera bawo. A Petulo anatuluka akumanga lamba, nkhope ili mwee, koma maso awo atafika pa dengu lija anaima pamenepo kanthawi. Munthu amene wagwira unkhoswe moyo wake wonse sasowa kuuzidwa tanthauzo la nkhuku yomanga ndi luzi.

"Ankhoswe! Lero ndiye mwatikumbuka. Fikani." Anamulandira njinga okha n'kuitsamiritsa pa khoma. Pakhonde panali mipando iwiri ya ndalema. "Tikhale pa mipandoyi, kapena ndiitanitse mphasa?"

Dominiko anadziwa chimene akufunsidwa. Pa mpando anthu amacheza. Mphasa ikayalidwa amaitanidwa akuluakulu a mbumba kudzakhala mboni, ndipo chonenedwa pamenepo sichibwezedwa m'kamwa.

"Poyamba pumani kaye," a Petulo anadziyankha okha, n'kumukankhira mpando. "Ndisanaiwale. Kunabwera anthu ochokera ku boma kudzafunsa za inu. Akuti pali mphunzitsi wochokera kunja akusonkhanitsa anthu pa msika, akuwazoloweza zofunsafunsa. Ine ndinawaseka. Ndinati ameneyo ndi nkhoswe mnzanga, nthano zake ndi za azungu okhaokha, ndipo ine ndimakhalapo kutsogolo. Anafunsanso za ntchito ija munapempha ku sekondale. Ndinati mpatseni, munthu wofatsa uja, ndale sazidziwa."

"Zikomo," anatero Dominiko. Mawuwo anatuluka okha.

"Zikomo wa chiyani, pachibale? Nanga alamu anga adzuka bwanji? Monika akulemba makalata? Mwana uja, kuti apeze malo ku unamwino ndi dzina limene ali nalo, sizinali zapafupi. Tinayenda, ankhoswe. Mpaka lero ndimati ndikamva kuti kwabwera akuluakulu atsopano ku sukulu kwawoko, mtima umandigunda. Watsala chaka chimodzi chokha."

Zonsezi ankazinena mofatsa, ngati munthu wofotokoza za mitengo ya feteleza. Pansi pa mapeyala njere za bawo zinkagwa m'maenje, kho, kho, kho. Kenako zinaleka. Anyamata aja anali atatembenuka.

"Nanga nkhukuyi?" anafunsa a Petulo.

Dominiko anawayang'ana. Pafupi chonchi anaona zimene m'tiyirumu sankaziona. Maso a a Petulo anali a Rafaelo, ngakhale kakhwinya ka pakati pa nsidze kanali komweko. Zinamufikira kuti mwina bambo ameneyu nayenso sakudziwa ngati mng'ono wake ali moyo, kuti mwina wakhala zaka zonsezi akuyang'ana kumsewu kuopa dengu ngati limeneli, ndipo kuti akafunsidwa pa mphasa adzayenera kusankha pakati pa kuyankha ndi kuitana anyamata aja. Apa ndi pamene mdala wa m'bokosi ankatulutsa kampango, kuyetsemula kamodzi, n'kufunsa. Mphuno za Dominiko zinali zouma. Anaganiza za Monika, amene anali asanamuonepo n'kamodzi komwe, ndipo anathokoza mumtima kuti mwanayo alipo woti amuganizire, chifukwa pansi pa ganizolo panali lina la galimoto yofika masana, ndi la khungu lake lomwe.

"Ndi ya ndiwo," anatero. "Sindikanabwera chimanjamanja kwa akuluakulu. Ndimati ndidzakumalizireni nkhani ija ya mwini fakitale."

A Petulo anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika.

"Ndiye mipandoyi ili bwino," anatero. Kenako mawu awo akale anabwerera. "Amayi! Tengani nkhuku iyi, alendo adye. Inu anyamata, siyani bawoyo, bwerani mudzamve nzeru za azungu."

Dominiko anaimirira pakhondepo n'kutulutsa kampango. Anawabweza onse m'chipinda chija: namfedwa ali pa sofa, wophika ali chilili pafupi ndi chitseko, mkamwini akusuta, mkulu wake wa malemu akuyang'ana pazenera. Anachita bwino kuposa masiku onse. Anayetsemula mpaka anyamata aja anagwa nako kuseka. Anafotokoza za kandulo imene inapakidwa pa sitepe yachitatu kuti pakhale poterera, ndi za nsapato imodzi imene inapezeka itavulidwa. Kuseri kwa nyumba nkhuku inalira kamodzi n'kukhala chete.

M'kanema muja, Lamulungu lina la chisanu, a Chimfine anayenda pang'onopang'ono kudutsa onsewo n'kukaima pazenera, pamaso pa mkulu wake wa malemuyo. Dominiko ankakumbukira bwino, mpaka mmene mayi wamasiye uja anagwetsera mphaka podzidzimuka. Tsopano anayenda pakhonde la a Petulo, kampango kali m'manja, ndipo atafika pakati anakhota.

"Anali wophika," anatero.

Anyamata aja anawomba m'manja. Mmodzi anati ankadziwa kale, antchito a m'nyumba ndi choncho. A Petulo ankayang'ana chipewa chawo.

"Wophika," anabwereza. "Ine ndimaganizira wina." Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Dominiko m'maso. "Koma a Chimfine salakwitsa."

"Salakwitsa."

Anadya pakhonde pomwepo. A Petulo anamuikira mlendo chiwindi ndi nthutumba monga mwa ulemu wake, ndipo potsazikana anamumangirira thumba la kachewere pa kaliyala, pamene panali dengu, n'kumuperekeza mpaka pa mlatho.

Anafika ku Kasina dzuwa litapendeka. Anastazia anali pakhonde, atavala chitenje chake cha ku tchalitchi, manja ali pamiyendo. Anayang'ana thumba la kachewere, anayang'ana mchimwene wake. Anadzuka n'kulowa m'nyumba kukavula chitenjecho.

Mwezi wotsatira Dominiko anaitanidwa kukayamba ntchito ku sekondale. Uthenga wa Rafaelo sanaupereke, tsiku limenelo kapena lina lililonse.